Chimfine chobwera nyengo imodzimodzi chaka chilichonse: lipoti la wodwala amene thupi lake limadana ndi mungu wa udzu

Bambo wa zaka 31 anabwera kudzaonana nane ali m'sabata yachitatu ya vuto limene iwo ankalitchula kuti chimfine chosamva mankhwala. Ntchito yawo inali yosamalira mabwalo a masewera, kutchetcha udzu ndi makina, kuunjika wotchetchedwawo, kuthirira ndi kujambula mizere, ndipo anali atagwira ntchitoyi kwa zaka zisanu. Sankasuta fodya ndipo analibe matenda ena odziwika. Mayi awo anali ndi mphumu, ndipo iwo eni ali mwana ankavutika ndi khungu louma ndi loyabwa kuseri kwa mawondo, vuto limene linatha lokha atakula.

Dandaulo lawo analinena motere: "Adokotala, ndikangolowa m'bwalo m'mawa ndimayetsemula kakhumi motsatizana, mamina amangotuluka ngati madzi, ndipo maso amayabwa mpaka ndimafuna kuwakolowola." Usiku mphuno zonse ziwiri zinkatsekeka, ankagona kukamwa kuli yasa, ndipo ankadzuka kummero kutauma gwa. Anakhuthula patebulo langa kathumba ka mankhwala: mapiritsi otsala a amoxicillin, mapiritsi a chlorpheniramine, mankhwala oletsa kuyetsemula ndi kuyabwa amene amawodzeretsa, omwe ankamwa katatu pa tsiku, ndi kabotolo ka xylometazoline kodonthezera m'mphuno, kamene anali atakagwiritsa ntchito tsiku lililonse kwa masabata atatu onsewo. Chimene chinawabweretsa tsiku limenelo chinali mantha, chifukwa dzulo lake anawodzera ali pa makina otchetchera ndipo anatsala pang'ono kugunda mzati wa golo.

Zimene kabuku ka kuchipatala kanaonetsa

Chinthu chimene chinatsegula nkhaniyi chinali kabuku kawo ka kuchipatala. Ndinalemba papepala madeti onse amene anapitako kuchipatala m'zaka zitatu zapitazo chifukwa cha mphuno kapena maso, ndipo maulendo asanu ndi awiri onsewo anagwera mkati mwa masabata khumi omwewo a chaka, nyengo imene udzu umakula msanga n'kuchita maluwa. M'miyezi ina yonse masamba a kabukuko analibe kanthu. Pa ulendo uliwonse anzanga amene anawaona analemba kuti chimfine kapena matenda a m'mphako za m'mphuno, ndipo kanayi anawapatsa maantibayotiki. Sindikuwaweruza anzangawo, pakuti munthu woona tsamba limodzi lokha akanalemba zomwezo, ndipo ine ndemwe ndalembapo chimodzimodzi kwa odwala ena pamene mzere panja unali wautali. Koma chimfine chenicheni chimatha pa masiku 7 mpaka 10, chimayamba ndi zilonda zakukhosi ndi kuphwanya m'thupi, nthawi zina ndi kutentha thupi, ndipo sichiyabwitsa maso ndi kumwamba kwa m'kamwa. Chimfine sichisunganso kalendala.

Powayeza ndinapeza kutentha kwa thupi kuli bwinobwino. Pamphuno pawo panali kamzere kopingasa kamene kamabwera munthu akamatikita mphuno ndi chikhatho kupita m'mwamba kwa zaka zambiri, ndipo m'munsi mwa maso munali moderako. Mkati mwa mphuno munali motupa mbali zonse ziwiri, mwa mamina oyera a madzimadzi, popanda mafinya kapena tinyama tomera. Maso anali ofiira ndi a misozi, koma sankapweteka, sankaopa kuwala, ndipo ankaona bwino. Ndinafunafuna zizindikiro zimene zikanandisinthitsa maganizo, monga kutsekeka kwa mphuno imodzi yokha, mamina a magazi, kupweteka kwa nkhope mbali imodzi kapena kusamva fungo kwa nthawi yaitali, ndipo panalibe ngakhale chimodzi. Ndinamvetsera m'chifuwa masana amenewo ndipo sindinamve chachilendo. Ndinalemba kuti m'chifuwa muli bwino n'kupitirira, osafunsa za usiku. Cholakwa chimenechi ndichibwereranso.

Potsata kagawidwe ka ARIA, malangizo amene madokotala amatsata pa matenda a m'mphuno amtunduwu, matendawa ndinawaika m'gulu la osalekeza, chifukwa zizindikiro zinkabwera masiku oposa anayi pa sabata ndipo m'zaka zam'mbuyo zinkapitirira masabata anayi, komanso m'gulu la aakulu ndithu, chifukwa zinkasokoneza tulo ndi ntchito.

Ndinawafotokozera bambowa zimene ndinkaganiza. Udzu sudalira njuchi kapena agulugufe kuti ubereke, umadalira mphepo, choncho umatulutsa mungu wochuluka zedi, wopepuka, umene umauluka mtunda wautali. Mwa anthu ena chitetezo cha m'thupi chimautenga munguwu ngati mdani n'kupanga asilikali a mtundu wa IgE, amene amakhala pa maselo ena a m'mphuno ndi m'maso. Mungu ukafikanso, maselowo amatulutsa histamine, chinthu choyambitsa kuyabwa ndi kutupa, ndi zinthu zina, ndipo pa mphindi zochepa munthu amayamba kuyetsemula ndi kuyabwa. Patapita maola anayi mpaka asanu ndi atatu kumabwera kutupa kwachiwiri, kumene kumatseka mphuno usiku, ndipo nyengo ikamapitirira mphuno yotupayo imakwiya ngakhale ndi mungu wochepa umene poyamba sukanachita kanthu. Iwo anaseka n'kunena kuti udzu akhala nawo moyo wawo wonse. Kukayika kotereku n'kwakale. John Bostock anafotokoza matendawa ku London mu 1819 potengera zimene iye mwini ankadwala, koma panadutsa zaka zoposa 50 mpaka Charles Blackley wa ku Manchester ataonetsa mu 1873 kuti woyambitsa ndi mungu, ndipo anachita zimenezi poupaka pakhungu lake atalikanda pang'ono.

Kuyeza pakhungu ndi mankhwala oyamba

Ndinasankha kuyeza pakhungu, kumene timadontheza zinthu zimene tikuzikayikira n'kubaya khungu pang'ono kuti tione ngati litupa, ngakhale mbiri inali yomveka kale, chifukwa nkhaniyi inkakhudza ntchito ya munthu, ndipo sindinkafuna kulembera abwana awo kalata yongoganizira. Vuto linali lakuti chlorpheniramine imabisa zotsatira za kuyezaku. Ndinawauza kuti asiye mapiritsiwo tsiku lomwelo, chimene ndikanachitabe chifukwa cha kuwodzera kuja, ndipo ndinawayambitsa mometasone, steroid yochepetsa kutupa yopopera m'mphuno, imene sisokoneza kuyeza pakhungu, pamodzi ndi madzi a mchere otsukira mphuno ndi madontho a m'maso a sodium cromoglicate.

Xylometazoline inafunika kukambirana kwake. Mankhwala amtunduwu amatsegula mphuno pa mphindi zochepa, n'chifukwa chake odwala amawakonda, koma akagwiritsidwa ntchito kupitirira masiku 5 mpaka 7 mphuno imatupa kwambiri mphamvu yake ikatha, ndipo munthu amayamba kudontheza pafupipafupi. Bambowa anali atafika kale pamenepo. Kuwauza kuti asiye kamodzin'kamodzi kukanawagonetsa masiku angapo osapuma ndi mphuno, ndipo ndinadziwa kuti akanabwerera kukabotolo kaja. Tinagwirizana kuti asiye kaye mphuno ya kumanja, ndipo ikatseguka asiye ya kumanzere. Zinatenga masiku khumi.

Patatha sabata imodzi tinayeza pamkono. Pa mphindi 15, dontho la histamine linatupitsa mamilimita 5 ndipo la madzi a mchere silinachite kanthu, kusonyeza kuti kuyezako kunali kodalirika. Msakanizo wa mungu wa udzu wa timothy ndi ryegrass unatupitsa mamilimita 9, kapinga mamilimita 7, ndipo tizilombo ta m'fumbi la m'nyumba mamilimita 3, pamalire penipeni pamene timayambira kuwerenga kuti khungu lavomera. Nkhungu ndi ubweya wa mphaka sizinachite kanthu. Chotupa cha fumbi la m'nyumba sindinachitsatire, chifukwa tizilomboti timakhalapo chaka chonse pamene bambowa ankakhala bwino miyezi isanu ndi inayi pa chaka. Khungu kapena magazi angaonetse kuti thupi lili ndi IgE ya chinthu china popanda chinthucho kudwalitsa munthu, ndipo ndaonapo mabanja akutaya matiresi ndi kuthamangitsa ziweto chifukwa cha pepala la zotsatira losagwirizana ndi mbiri ya wodwala. Titamaliza kuyeza ndinawapatsa loratadine, mankhwala oletsa mphamvu ya histamine, ya mamiligalamu 10 kamodzi pa tsiku. Ndinasankha imeneyi m'malo mwa cetirizine chifukwa cetirizine imawodzeretsabe anthu ena, ndipo munthuyu ankayendetsa makina okhala ndi mipeni.

Atabweranso patatha masabata awiri anali okhumudwa. Kuyabwa kunachepa koma mphuno inkatsekekabe, mankhwala opopera ankawawa kummero, ndipo kawiri anatuluka magazi m'mphuno. Ndisanasinthe chilichonse ndinawapempha kuti apope ine ndikuona. Anagadamitsa mutu, analoza kampopeko pakati pa mphuno, anapopa n'kukoka mpweya mwamphamvu ngati munthu wokoka mamina. Mankhwala onse ankapita kummero, ndipo ochepa otsalawo ankamenya khoma lapakati la mphuno, pamene pamachucha magazi msanga. Ndinawaonetsa kuti aziweramitsa mutu pang'ono, azigwiritsa ntchito dzanja lamanja pa mphuno ya kumanzere ndi lamanzere pa ya kumanja kuti kampopeko kaloze chakukhutu, ndipo azipuma mwachizolowezi. Ndinawakumbutsanso kuti mankhwalawa amafika pa mphamvu yake yonse akagwiritsidwa ntchito tsiku ndi tsiku kwa masabata angapo, chifukwa iwo ankapopa pokhapokha mphuno ikatsekeka. Ndikanawapatsa mankhwala ena tsiku limenelo, ndikanalemba m'kabuku kuti mometasone yalephera, pamene inali isanayesedwe n'komwe.

Pa ulendo womwewo anandipempha jakisoni amene mnzawo wa kuntchito anawauza kuti amathetsa vutoli nyengo yonse. Ankatanthauza jakisoni wa steroid wokhalitsa m'thupi monga triamcinolone. Ndinakana. Jakisoniyu akalowa sangachotsedwenso ngakhale atabweretsa vuto, amakweza shuga m'magazi, amafooketsa mafupa akamabwerezedwa chaka ndi chaka, ndipo angasiye chibowo pamnofu pamene anabayidwa. Ndinawachenjezanso kuti asagule okha madontho a m'maso okhala ndi steroid, chifukwa angakweze kuthamanga kwa madzi a m'diso kapena kuyambitsa ng'ala munthu osazindikira.

Usiku wa mvula yamabingu

M'sabata yachisanu ndi chimodzi ya nyengoyo kunacha kotentha ndi kwa mphepo, ndipo chakumadzulo kunagwa mvula yamkuntho ndi mabingu. Bambowa anali panja akusonkhanitsa zida pamene mphepo yotsogolera mvulayo inafika. Pasanathe ola limodzi anayamba kubanika, ndipo akazi awo anawathamangitsira kuchipatala. Anafika akulephera kumaliza chiganizo popanda kupumira, m'chifuwa mukulira mbali zonse, mpweya wa okosijeni m'magazi uli pa 91 peresenti, ndipo mphamvu ya kupuma pa kachipangizo kouziramo mpweya kotchedwa peak flow inali malita 260 pa mphindi. Anapatsidwa okosijeni, mankhwala otsegula njira za mpweya a salbutamol mobwereza mphindi 20 zilizonse m'ola loyamba, ndi prednisolone ya mamiligalamu 40 imene anapitiriza kwa masiku asanu. Anagona m'chipatala usiku umodzi.

M'mawa mwake ndinakawaona, ndipo amene anandipatsa mbiri yeniyeni anali akazi awo. "Adokotala, abambowa nyengo imeneyi chaka chilichonse amatsokomola usiku, makamaka mbandakucha, mpaka amagona atakhala tsonga. Iwo amati ndi mamina otsikira kukhosi." Izi zinali zitachitika kwa zaka ziwiri. Bambowa sanazinene chifukwa sanazione ngati zogwirizana ndi mphuno, ndipo ine sindinafunse chifukwa ndinadalira zimene makutu anga anamva masana amodzi. M'chifuwa mwa munthu wa mphumu mungamveke bwinobwino masana iye atavutika usiku wonse. Ndinali ndi zifukwa zitatu zondichenjeza pamaso panga, mayi wa mphumu, khungu loyabwa paubwana, ndi mphuno yotupa kwambiri, koma ndinathandiza mphuno ngati kuti njira ya mpweya imathera pammero. Mphuno ndi mapapo ndi njira imodzi, ndipo kutupa kwa kumtunda kawirikawiri kumakhala ndi mnzake kumunsi. Mafunso anayi okha, a kutsokomola usiku, kubanika pothamanga, kulira kwa m'chifuwa ndi kuthina pachifuwa, akanatenga mphindi imodzi, ndipo bambowa akanakhala ali ndi inhela, kachipangizo kopumira mankhwala a mphumu, m'thumba tsiku la mvulalo.

Chimene chinachitika madzulo amenewo n'chodziwika m'mbiri ya matendawa. Kanjere ka mungu wa udzu kathunthu n'kakakulu moti kamakodwa m'mphuno ndi m'maso. Pa mvula yamabingu mungu wochuluka umakokedwa m'mwamba, umamwa chinyezi n'kuphulika, ndipo kanjere kamodzi kamamwaza tizidutswa mazanamazana tating'ono zedi timene timalowa mpaka m'njira zing'onozing'ono za m'mapapo, mphepo n'kutigwetsera pansi pomwe anthu ali. Pa 21 November 2016 zimenezi zinachitika ku Melbourne m'dziko la Australia m'nyengo ya mungu wa ryegrass, anthu masauzande anathamangira kuzipatala ndipo anthu 10 anamwalira. Ambiri mwa odwalawo ankadziwa za vuto lawo la m'mphuno koma sankadziwa kuti ali ndi mphumu.

Atachira ndinawapatsa kachipangizo ka peak flow kuti azilemba m'mawa ndi madzulo kwa masabata awiri. Nambala yawo yabwino kwambiri inafika 560, kutanthauza kuti usiku uja anali pansi pa theka la mphamvu yawo, ndipo nambala za m'mawa zinkatsika kuposa za madzulo ndi mlingo wopitirira 10 peresenti. Poyeza ndi spirometry, makina oyezera mpweya wa m'mapapo, mpweya wotulutsidwa m'sekondi yoyamba unakwera ndi mlingo wopitirira 12 peresenti komanso mamililita oposa 200 atapuma salbutamol, zimene zinatsimikiza mphumu. Chifukwa cha kutsokomola kwa nthawi yaitali tinajambulanso chifuwa, ndipo chithunzicho chinali chabwino. Sindinawasiye ndi salbutamol yokha. Kuyambira mu 2019 malangizo a GINA, bungwe la dziko lonse loona za mphumu, salimbikitsa kuthandiza mphumu ndi mankhwala otsegula njira za mpweya okha, chifukwa sachiza kutupa, choncho ndinawapatsa inhela ya budesonide ndi formoterol, tsiku lililonse m'nyengo ya mungu komanso akamva kubanika. Montelukast, mankhwala ena akumwa, ndinaiganizira chifukwa imathandiza mphuno ndi chifuwa pamodzi, koma ndinaisiya, popeza mphamvu yake ndi yocheperapo poyerekeza ndi steroid yopopera, ndipo mu 2020 bungwe loona za mankhwala la FDA la ku America linaika chenjezo lalikulu lakuti ingasokoneze tulo ndi maganizo.

Za ntchito

Malangizo akuti wodwala apewe mungu amamveka bwino papepala, koma kwa munthu amene amadyera udzu womwewo ndi achipongwe. Bambowa ananena mosabisa kuti ntchito sasiya. Tinakhala pansi n'kuona zimene zinali zotheka. Udzu wa m'bwalo umene umatchetchedwa kawirikawiri sufika pochita maluwa ambiri, choncho mungu wochuluka unkachokera m'mphepete mwa mpanda ndi kuseri kwa nyumba zosinthira zovala, kumene udzu unkasiyidwa mpaka kutalika. Anagwirizana ndi anzawo kuti malo amenewo azitchetchedwa msanga udzu usanachite maluwa, ndipo ukapitirira azitchetcha wina. Anayamba kuvala masiki yogwira bwino nkhope ndi magalasi otchinga m'mbali, kusamba ndi kusintha zovala akangoweruka, kutsuka mphuno ndi madzi a mchere madzulo asanapope mankhwala, ndi kutseka mawindo a kuchipinda masiku otentha a mphepo. Lamulo limodzi ndinalilemba m'kalata ya abwana awo ndi m'kapepala ka m'thumba mwawo: m'nyengo ya mungu, kumwamba kukayamba kuda ndipo mphepo ya mvula ikayamba kuwomba, alowe m'nyumba asanayambe kusonkhanitsa zida, ndipo inhela ikhale pathupi pawo.

Chaka chachiwiri ndi chachitatu

Madeti a m'kabuku aja anatithandizanso kachiwiri. Chaka chotsatira bambowa anayamba mometasone ndi inhela masabata awiri tsiku la ulendo wawo woyambirira wa m'zaka zam'mbuyo lisanafike, mphuno isanayambe kutupa. Kusiyana kwake kunali kwakukulu. Sanamwe maantibayotiki, sanagule xylometazoline, ndipo sanagonekedwe m'chipatala. Komabe pakatikati pa nyengo anakhala masabata atatu akudzuka usiku ndi mphuno yotsekeka ngakhale ankapopa moyenera, ndipo kuwonjezera azelastine yopopera m'mphuno kunathandiza pang'ono chabe. Pamenepa ndi pomwe ndinayamba kukamba nawo za chithandizo chozoloweretsa thupi, chimene chimaperekedwa popatsa munthu mungu womwewo pang'onopang'ono, mwa jakisoni kapena pansi pa lilime. Njirayi ndi yakale, pakuti Leonard Noon anaiyamba ku London mu 1911 ndi mungu wa udzu womwewu, ndipo ndi yokhayo imene imasintha mmene chitetezo cha m'thupi chimachitira m'malo mongoziziritsa zizindikiro. Imafuna zaka zitatu zosadukiza, ndipo siyambidwa mwa munthu amene mphumu yake sinakhazikike, n'chifukwa chake chaka choyamba sindinaitchule n'komwe.

Ndinawatumiza kwa katswiri chifukwa cha mfundo imodzi imene sindinkafuna kuigamula ndekha. Mapiritsi ambiri oika pansi pa lilime amapangidwa ndi mungu wa timothy, umene umafanana kwambiri ndi wa ryegrass ndi udzu wina wa kumadera ozizira, koma kapinga ndi wa nthambi ina ya banja la udzu ndipo mapuloteni ake amafanana nawo pang'ono chabe. Bambowa anatupa ndi mitundu yonse iwiri, ndipo kapinga ndiye anadzadza mabwalo awo. Katswiriyo atayeza IgE m'magazi anasankha majakisoni okhala ndi magulu onse awiri, sabata iliyonse poyamba kenako mwezi uliwonse, anayamba nyengo ya mungu itatha, ndipo pa jakisoni aliyense wodwala amadikira mphindi 30 pamalo pomwe pali adrenaline, mankhwala opulumutsira munthu thupi likadana kwambiri ndi jakisoniyo. Asanabayidwe amapuma kaye mu peak flow. Kamodzi nambala inatsika chifukwa cha chimfine chenicheni, ndipo jakisoni anaimitsidwa kwa sabata imodzi. Kupatula kutupa kwa pamkono kumene kunkatha tsiku lotsatira, sipanakhale vuto lina.

M'nyengo yachitatu bambowa anagwiritsabe ntchito mometasone ndi inhela kuyambira nyengo isanayambe, koma azelastine sanaifune, loratadine anamwa masiku owerengeka, ndipo akazi awo anatsimikiza kuti kutsokomola kwa mbandakucha kunalibe. Mvula yamabingu inawapeza kawiri ali kuntchito, ndipo kawiri konse analowa m'nyumba n'kutuluka osabanika. Sindinganene kuti kusinthaku n'kwa majakisoni okha, chifukwa kuchuluka kwa mungu kumasiyana chaka ndi chaka ndipo bambowa anali atasintha zinthu zambiri nthawi imodzi. Pamene ndikulemba lipotili ali pakati pa chaka chachiwiri cha majakisoni, akugwirabe ntchito yawo yomweyo, ndipo tagwirizana kuti nyengo ikubwerayi tisachepetse inhela mpaka titaona nambala za peak flow za masabata anayi oyambirira.